Njira yopezera digiri yoyamba ya kayendetsedwe ka mapulojekiti

Anthu ambiri amalakalaka digiri ya kayendetsedwe ka mapulojekiti chifukwa choona kuti mabungwe omwe si aboma amalengeza pafupipafupi ntchito za Project Officer, koma ndi ochepa amene amafufuza kaye zimene akukaphunzirazo. Pulojekiti ndi ntchito yokhala ndi tsiku loyambira, tsiku lomalizira komanso ndalama zowerengeka, monga kumanga mlatho, kukumba mijigo m'dera la mfumu yaikulu imodzi, kapena kuika makina atsopano a kompyuta m'banki. Maphunziro onse a zaka zinayi amaphunzitsa munthu kumaliza ntchito yotere pa nthawi yake, pa ndalama zimene zinaikidwa, ndiponso molingana ndi zimene eni ake anapempha.

Musanapereke ngakhale ndalama ya fomu, fufuzani ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka. M'Malawi muno udindo umenewu uli m'manja mwa bungwe la National Council for Higher Education, lomwe ambiri timangoti NCHE, ndipo limatulutsa mndandanda wa sukulu za ukachenjede zolembetsedwa pamodzi ndi maphunziro amene lawavomereza. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, pakuti kulembetsedwa kwa sukulu ndi kuvomerezedwa kwa digiri inayake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Sukulu itha kukhala yodziwika, ya nyumba zokongola, koma digiri imene inuyo mukufuna isanapimidwe. Onani dzina lenileni la digiriyo pa mndandanda wa NCHE, osadalira chikwangwani cha pamsewu kapena uthenga wa pa Facebook. Ngati mukufuna kuphunzira kudzera pa intaneti ku yunivesite ya ku South Africa, Zambia kapena Britain, funsaninso ku NCHE ngati pepala limenelo lidzalandiridwe kuno mukadzamaliza.

Wochokera ku sekondale amafunika makiredeti asanu ndi imodzi pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ndi nzeru kukhalanso ndi kiredeti ya Masamu ngakhale pamene sukuluyo sinaitchule, chifukwa simungathawe kuwerengera ndalama ndi masiku m'maphunziro amenewa. Amene ali kale pa ntchito ndipo ali ndi dipuloma angalowe kudzera m'njira ya akuluakulu yotchedwa mature entry, ndipo kawirikawiri amayambira chaka chachiwiri kapena chachitatu, n'kumaphunzira madzulo, kumapeto a sabata kapena ali kwawo. Pa nkhani ya fizi, bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board limapereka ngongole kwa ophunzira osowa a m'sukulu zovomerezeka, koma opempha amachuluka kuposa ndalama zimene zilipo, choncho konzeraninso njira ina yolipirira.

Pali chisankho china chimene ndimaona kuti n'chachikulu kuposa dzina la sukulu. Luso loyendetsa pulojekiti silikhala palokha. Limagwira ntchito m'kati mwa zomangamanga, zaumoyo, zaulimi, zamaphunziro kapena zamakompyuta. Munthu amene wakhala zaka zambiri pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi kapena unamwino amapindula kwambiri ndi digiri imeneyi, popeza ntchito yakeyo akuidziwa kale ndipo chimene akusowa ndi luso lokonza ndondomeko ndi kusamala ndalama. Wachinyamata wongomaliza kumene Fomu 4 aganize mofatsa ngati sikungakhale bwino kutenga digiri ya Civil Engineering, Quantity Surveying kapena Business Administration, monga zimene zimaphunzitsidwa ku MUBAS ku Blantyre, momwe kayendetsedwe ka mapulojekiti kamapezekamo ngati phunziro limodzi. Akasankha digiri ya mapulojekiti yeniyeniyo, asankhiretu gawo limene akufuna kudzagwiramo ntchito, ndipo mitu ya zolemba zake, malo okaphunzirira ntchito ndi kafukufuku wake zonse ziloze kumeneko.

Zaka ziwiri zoyambirira zimadzaza ndi maphunziro a maziko monga kuwerengera ndalama, zachuma, masamu a kafukufuku, malamulo a makontirakiti ndi kalembedwe ka malipoti. Ophunzira ena amawapeputsa poganiza kuti zenizeni zili kutsogolo, koma woyang'anira pulojekiti amathera nthawi yambiri pa bajeti ndi pa malipoti.

M'chaka chachitatu ndi chachinayi ndi mmene mumaphunzira kuphwanya ntchito yaikulu m'tizigawo, kujambula tchati cha Gantt choonetsa nthawi yoyambira ndi yomalizira ya kachigawo kalikonse, chomwe chinatenga dzina la Henry Gantt wa ku America, ndiponso kupeza mzere wa ntchito zimene zikachedwa pulojekiti yonse imachedwa, womwe m'mabuku umatchedwa critical path. Musaloweze pamtima matanthauzo okha ayi. Yesani njirazi pa ntchito imene mukuidziwa. Tiyerekeze kuti mukumanga makalasi awiri pa sukulu ya pulayimale ya kumudzi. Wowotcherera zitsulo akachedwa ndi sabata imodzi kubweretsa zitseko ndi mawindo, palibe chimene chawonongeka, chifukwa makoma akadali kukwera. Koma maziko, makoma ndi denga zimatsatana, ndipo matumba a simenti akachedwa ndi masabata awiri mu Okutobala, denga likakhomedwa mu Disembala mvula itagwa, pamene lole yonyamula malata singadutse pa msewu wamatope, ndipo anthu a m'mudzi amene analonjeza kututa mchenga ali kalikiliki kubzala m'minda mwawo. Wophunzira amene waika nyengo ya dzinja m'ndondomeko yake wamvetsa phunziroli kuposa amene wangojambula tchati chokongola pa pulogalamu ya pa kompyuta ya Microsoft Project.

Phunzirani mwakhama kufananitsa ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito ndi ntchito imene yachitika. Ngati pa bajeti ya K50 miliyoni mwagwiritsa ntchito K30 miliyoni pamene ntchito imene yatheka ndi yokwana K20 miliyoni yokha, muyenera kudziwa lero kuti ndalamazo sizidzakwana, osati kudzazindikira kontirakitala atathawa. Mudzakumananso ndi logframe, tebulo lolumikiza cholinga cha pulojekiti, zotsatira zake, ntchito zochitika ndi zizindikiro zoyezera, lomwe linakonzedwa koyamba m'chaka cha 1969 pothandiza bungwe la USAID ndipo mabungwe ambiri opereka thandizo amalifunabe. Amene akufuna kudzagwira ntchito m'boma kapena m'makhonsolo awerengenso malamulo ogulira katundu wa boma amene bungwe la Public Procurement and Disposal of Assets Authority (PPDA) limayang'anira, chifukwa mapulojekiti ambiri amachedwera pa kugula katundu, asanafike n'komwe pa malo a ntchito.

Nthawi yokaphunzira ntchito, imene ophunzira amaitcha attachment, musaitenge ngati tchuthi. Yambani kufunafuna malo miyezi ingapo isanakwane nthawiyo, ndipo mukafika pemphani kuti muone bajeti, ndondomeko ya ntchito ndi lipoti la miyezi itatu, ngakhale akupatseni ntchito yongolemba zokambirana za pa msonkhano. Kampani yaing'ono ya zomangamanga kapena ofesi ya khonsolo ya boma nthawi zambiri imaphunzitsa zambiri kuposa likulu la bungwe lalikulu ku Lilongwe, kumene wophunzira amatha miyezi itatu akungojambula mapepala. Kafukufuku wa chaka chomaliza achokere kumalo omwewo, pa pulojekiti imodzi imene mungathe kupeza zikalata zake ndi kucheza ndi anthu amene anaigwira.

Pomaliza, konzekerani satifiketi za akatswiri mudakali pa sukulu, chifukwa olemba ntchito ambiri amazifunsa pambali pa digiri. Bungwe la Project Management Institute (PMI) la ku America, lomwe linakhazikitsidwa mu 1969, lili ndi satifiketi ya CAPM, imene munthu wosagwirapo ntchito angathe kulembera mayeso ake, pamene njira yoyendetsera mapulojekiti ya PRINCE2, yomwe inayambira m'boma la Britain, ili ndi gawo loyambira la Foundation losafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito. Satifiketi ina ya bungwe la PMI yotchedwa PMP ndiyo imafuna zaka zingapo zotsogolera mapulojekiti, ndipo amatha kukupemphani umboni wake. Choncho kuyambira pa attachment sungani kabuku kolembamo dzina la pulojekiti iliyonse, miyezi imene munagwirapo, udindo wanu ndi mkulu amene angakuchitireni umboni, ndipo muziona pa tsamba la PMI zofunikira za chaka chimene mukufuna kulemba mayesowo, popeza zimasinthidwa nthawi ndi nthawi.