Penti muyeseni kaye padzuwa musanagule ndowa zambiri

Penti aliyense amawala tsiku lopaka, nkhani imayamba dzuwa la Okutobala likamuwamba kenako mvula ya Disembala n'kumukwapula. Ndiye ngati nyumba ikadali pa lintala nthawi yoyesa ndi inoyi, musadikire kuti mwagula kale ndowa za malita 20.

Gulani titini ta lita imodzi, mitundu iwiri kapena itatu. Pakani pa chinthu chomwe mudzapakedi, chidutswa cha lata ngati ndi denga, thabwa ngati ndi zitseko, ngati ndi khoma pangani pulasitala pa njerwa zingapo ndipo mudikire masiku 28 simenti ikhwime, apo ayi mudzanamizira penti pomwe vuto ndi changu chanu. Undercoat (penti woyambira wapansi) kaye, makoti awiri pamwamba, madzi kapena thinazi muyezo wa pa tini osati wa apenta ofuna kuti ndowa ikwane nyumba yonse aja.

Mtundu ulionse pangani zidutswa ziwiri. China chikakhale m'kabati mumdima, n'chodzafananizira. Chinacho panja popanda mthunzi, chopendekeka madigiri 45, chiyang'ane kumpoto poti kwathu kuno miyezi yambiri dzuwa limadutsa chakumpoto. Lembani dzina ndi deti kumbuyo, mudzaiwala ndithu.

Mwezi ulionse ziikeni pamodzi, jambulani pa foni nthawi yofanana. Onani ngati wasuluka, wachita matuza, wang'aluka, kapena dzimbiri layamba m'mphepete mwa lata. Kenako pukutani ndi kansalu kakuda, kakatuluka ndi ufa ngati choko ndiye kuti kuwala kwa UV (kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso) kwadya guluu wogwira utoto uja, penti ameneyo sapita patali. Komaliza tengani lezala, chekani mizere 6 chotsika 6 chopingasa ngati bolodi ya drafti, matani selotepi mwamphamvu n'kusomola kamodzi. Timabokosi tikatsatira selotepi, musagule.

Makampani akuluakulu amachitanso zomwezi, amayanika zidutswa padzuwa ku Florida ndi ku Arizona, ku America, kwa zaka, kapena kuziika m'makina a QUV otsanzira dzuwa ndi chinyontho, maola 8 nyali za UV pa 60°C, maola 4 chinyontho pa 50°C, mobwerezabwereza. Ife makina tilibe koma dzuwa la ku Nsanje silichepa. Chachikulu chidutswacho chione chilimwe ndi dzinja lonse, miyezi iwiri yokha siyikuuzani kanthu. Ndipo yang'anitsitsani ofiira ndi achikasu owala kwambiri aja, amafulumira kusuluka kuposa red oxide wa pamalata.