Momwe mungayendere mudzi wa Törbel ndi maso a mlimi

Ndikulembera anzanga oweta ng'ombe za mkaka kuno ku Lilongwe, alangizi a zaulimi, ndi ana athu a ku Bunda, amene nthawi zina mwayi wopita ku Switzerland umawagwera kudzera m'maphunziro kapena m'makopaletivi. Ambiri akafika kumeneko masiku awo onse amathera m'zipinda za misonkhano ku Zürich kapena ku Geneva. Ine ndikupempha kuti mupatuleko tsiku limodzi kapena awiri, mukwere kuphiri mukaone mudzi wa Törbel, m'chigawo cha Valais. Ndi kamudzi ka anthu pafupifupi 500, olankhula Chijeremani. Anthu ake akhala akudyetsera ng'ombe pamsipu umodzi wa onse kwa zaka zoposa 500, msipuwo osaguga, ndipo malamulo amene anautetezawo alipo olembedwa. Mayi Elinor Ostrom, amene mu 2009 anakhala mkazi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma, anagwiritsa ntchito mudzi womwewu posonyeza kuti anthu wamba angathe kusamala chinthu cha onse popanda boma kapena mwini chuma kuwalanda.

Yambani ndi kusankha nyengo. Pamene ife tikuzizidwa mu Juni ndi Julayi, kumeneko kumakhala kotentha, udzu uli biriwiri. Ng'ombe zimakwera kumsipu wa pamwamba mu Juni n'kutsika mu Seputembala, ndiye miyezi yoyenera ndi imeneyi. Mukapita mu Disembala mukapeza chipale chofewa chakuta minda ndi ngalande, ziweto zili m'makola otseka. Ngakhale mu Julayi, tengani jekete lochindikala ndi nsapato zolimba, chifukwa pamwamba mphepo imabaya. Dzikolo si membala wa European Union koma lili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, choncho mufunika viza ya Schengen, ndipo ndalama yake ndi franc, osati euro.

Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu mudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Mukatera ku Zürich, sitima yopita ku Visp imatenga pafupifupi maola awiri, ndipo imadutsa pansi pa mapiri m'ngalande ya Lötschberg, yotalika makilomita oposa 34, yomwe inatsegulidwa mu 2007. Pa Visp kwerani sitima yofiira yolowera ku Zermatt, mutsike pa Stalden. Pamenepo mupeza basi yachikasu yokwera ku Törbel. Tikiti gulirani nthawi ilipo, ndipo fikani pa siteji mphindi zingapo nthawi isanakwane. Basi imeneyi sidikira kudzaza. Ikakwana nthawi imanyamuka ngakhale muli munthu mmodzi.

M'basimo khalani pawindo, foni muiike m'thumba, muziyang'ana phirilo momwe likusinthira pamene mukukwera. Munsi, kotentha, muli minda ya mphesa. Pamwamba pake pali timinda timene kale ankalimamo mbatatesi ndi mbewu yonga tirigu yotchedwa rye, ndiponso minda ya udzu. Mudzi weniweni uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kufanana ndi pa boma la Dedza. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050. Kupitirira mudzi kuli nkhalango, ndipo kupitirira nkhalango kuli msipu wa Moosalp, pa mamita oposa 2,000. Kutsidya kwa chigwa mudzaona nsonga zoyera za mapiri opitirira mamita 4,000, pamene Sapitwa wathu ali pa 3,002. Mudziwu unamangidwa mbali yoyang'ana kum'mwera, mbali imene dzuwa limadzera masana m'mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake mphesa zimatheka paphiri lotere.

Banja la ku Törbel silinkakhala ndi munda umodzi waukulu. Linkakhala ndi timinda tambirimbiri tomwazikana kuyambira munsi mpaka pamwamba. Munthu wozolowera kuona munda umodzi wotambalala angaganize kuti ndi kusokonekera, koma zili ndi phindu lake. Udzu wa munsi umakhwima msanga, wa pamwamba mochedwa, ndiye banja limodzi limatha kumweta zonse motsatizana popanda aganyu. Chisanu chikaononga mbewu pamalo ena, pena zimapulumuka.

Mukatsika basi, musathamangire kumsipu. Funsani kaye kumene kukudutsa ngalande za madzi. Ambiri timaganiza kuti ku Ulaya mvula imagwa chaka chonse, koma chigwa chimenechi n'chouma kuposa kwina kulikonse m'Switzerland, popeza mapiri ozungulira amatchinga mitambo. Cha ku Stalden mvula ya chaka chonse siifika mamilimita 600, yochepa kuposa imene timalandira ku Lilongwe. Kuti akhale ndi moyo, makolo a anthuwa anakumba ngalande zoyenda makilomita ambiri m'mbali mwa phiri, kutenga madzi a chipale chosungunuka. Kumeneko amazitchula kuti Suonen. Ndilo dzina loti mufunse nalo. Chimene chinandikhudza ine n'chakuti madzi ambiri amathirira udzu, pofuna kuti ng'ombe zidzadye m'nyengo yozizira. Banja lililonse linali ndi maola ake otsegulira madzi, ndipo nthawi yako ikagwa usiku unkadzuka usiku womwewo. Kale m'midzi ya m'Valais ankalemba maola amenewa pocheka mizere pa timitengo. Kukonza ngalande ndi misewu ya kumsipu inali ntchito ya mudzi wonse. Yendani m'mbali mwa ngalande imodzi kwa ola lathunthu, muone pamene madzi amapatukira kulowa m'munda wa munthu, ndipo mufunse kuti amatani ndi munthu wotsegula madzi pa nthawi ya mnzake.

M'mudzimo mudzaona nyumba za matabwa akuda bii chifukwa cha dzuwa la zaka mazanamazana. Zina zaima pa timizati, ndipo pamwamba pa mzati uliwonse pali mwala wophwatalala wozungulira. Izo ndi nkhokwe zawo, ndipo mwalawo ntchito yake ndi yomwe ija ya malata amene timazika pa miyendo ya nkhokwe kuti makoswe asakwere. Mudziwu unasunga chigayo chakale, nyumba yophikiramo buledi ndi choponderamo mphesa kuti alendo aziona. Buledi wa rye ankaphikidwa kangapo kokha pa chaka m'uvuni wa mudzi wonse, n'kumausunga wouma gwa kwa miyezi.

Tsopano nkhani imene mwakwerera phirili. Zolemba za mudziwu zokhudza malo zimayambira mu 1224. Pa 1 Febuluwale 1483 anthu a m'mudzimo anasainirana pangano lokhazikitsa bungwe loyang'anira msipu, nkhalango ndi malo osalimidwa. Mu 1517 analemba lamulo lakuti munthu asatumize kumsipu wa onse ng'ombe zoposa zimene angathe kudyetsa yekha m'nyengo yozizira. Wophwanya lamuloli ankalipira chindapusa, ndipo panali munthu wosankhidwa wotolera chindapusacho.

Taliganizirani bwino lamulo limeneli. M'miyezi ya chipale ng'ombe imadya udzu wouma umene mwini wake anamweta m'munda mwake n'kusunga. Udzuwo sungabisike, aliyense amadziwa kukula kwa minda ya mnzake ndi kuchuluka kwa zimene wasunga. Choncho munthu sangagule ng'ombe zambiri mu Juni kuti zikanenepere pamsipu wa onse, n'kuzigulitsa mu Seputembala. Chiwerengero cha ng'ombe pamsipu chimamangidwa ku thukuta la mwini wake, ndipo sipafunika katswiri wochokera kutali kudzayeza msipu. Onaninso kuti sanaike zonse m'manja mwa gulu. Minda ya udzu, ya mphesa ndi ya mbewu ndi ya mabanja, yogulitsika ndi yosiyirana. Za onse ndi msipu wa pamwamba, nkhalango, ngalande ndi njira, zinthu zimene kuzidula m'timagawo kukanangoziononga.

Pali mbali ina ya pangano la 1483 imene imandiwawa. Munthu wobwera, ngakhale atagula malo m'mudzimo, sankapeza nawo ufulu wa kumsipu. Ife amene timadziwa moyo wa mkamwini ndi wa obwera tikudziwa momwe mawu otere amapwetekera. Komabe sindingakane kuti popanda kudziwa kuti eni msipu ndi ati, lamulo la ng'ombe lija silikanagwira. Funsani momwe amachitira lero ndi anthu osamukira m'mudzimo, chifukwa mpaka pano m'midzi ya m'Valais bungwe la mbadwa limasiyana ndi khonsolo ya anthu onse okhala pamudzi.

Pofika ku Moosalp mungakwere basi kapena kuyenda wapansi ngati miyendo ikulola. Yesetsani kufika nthawi yokama. Ng'ombe za mabanja osiyanasiyana zimadya pamodzi, zikuyang'aniridwa ndi abusa olembedwa ntchito, ndipo mkaka amapanga tchizi komweko. Nyengo ikatha, tchizi amagawana potengera gawo la ng'ombe za banja lililonse. Inu a m'magulu osonkhanitsa mkaka, pemphani kuona buku limene amalembamo mkaka, ndipo mufunse kuti amayeza liti, woyezayo amasankhidwa ndi ndani. Mudzaonanso ng'ombe zakuda zazifupi za mtundu wa Eringer, zimene zazikazi zake zimagundana mitu pofuna kudziwa mtsogoleri wa gulu. Anthu a m'Valais amazinyadira kwambiri, ndipo mlimi mukamufunsa za ng'ombe yake yopambana, kucheza kumayamba pomwepo.

Potsika dutsani m'nkhalango. Mitengo yoti idulidwe inkasankhidwa ndi woyang'anira nkhalango n'kuikidwa chizindikiro, kenako mabanja ankachita maere kuti adziwe mulu wa aliyense. Nkhalango ya pamwamba pa mudzi imatchinga chipale ndi miyala kuti zisagumukire nyumba, ndiye woidula mwachisawawa amakhala akuika pachiswe ana ake omwe. Ndikamaona njinga za makala zikutsika kuchokera ku Dzalanyama, kumene kumachokera madzi amene timamwa mumzinda uno, mtima umandipweteka, chifukwa nafenso nkhalango imeneyo ndiyo yatigwirira moyo. Zikwangwani zotseka njira muzizimvera. Mapiri amenewa amagumuka ndithu: mu Meyi 2025 mudzi wa Blatten, m'chigawo chomwechi, unakwiririka ndi miyala ndi madzi oundana, anthu ake pafupifupi 300 atasamutsidwa kale masiku ochepa m'mbuyo mwake.

Za chiwerengero cha anthu muzifunse mwaulemu kwa achikulire. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku America, Robert Netting, amene poyamba anaphunzira za alimi a Chikofyar ku Nigeria, anakhala m'mudziwu m'zaka za m'ma 1970 n'kufufuza mabuku a tchalitchi a ubatizo, maukwati ndi maliro. Anapeza kuti anthu ankakwatira atakula ndithu, ambiri sankakwatira n'komwe, ndipo ena ankachoka kukafuna moyo kwina. Chuma cha makolo chinkagawidwa mofanana kwa ana onse, aamuna ndi aakazi, ndipo munthu ankadikira gawo lake asanamange banja. Mbatatesi itafika m'zaka za m'ma 1700, chakudya chinachuluka ndipo anthu anayamba kuchulukanso. Zimenezi zikusonyeza kuti msipu uja sunasungidwe ndi malamulo okha. Panali anthu amene anakalamba osakwatira chifukwa malo anali ochepa.

Lero kwa alimi ambiri a kumeneko ulimi ndi ntchito yachiwiri. Ambiri amatsika kukagwira ntchito ku Visp, kumene kuli fakitale yaikulu ya mankhwala ya Lonza, n'kumasamala ng'ombe kapena nkhosa zawo za mphuno zakuda m'mawa ndi madzulo. Boma limawapatsanso ndalama alimi a kumapiri kuti asasiye kumweta ndi kuweta. Musachite manyazi kufunsa kuti pa ndalama za banja, gawo la mkaka ndi lalikulu bwanji poyerekeza ndi malipiro a kufakitale ndi thandizo la boma. Popanda yankho limeneli mudzabwera kuno ndi chithunzi chosakwanira.

Pa khalidwe, zambiri n'zomwe amayi anu anakuphunzitsani. Perekani moni kwa aliyense wokumana naye panjira. "Guten Tag" akwanira, ngakhale Chijeremani chawo n'chosiyana kwambiri ndi cha m'mabuku moti a ku Germany enieniwo chimawavuta. Achinyamata ambiri amamva Chingerezi. Geti la mpanda mukatsegula tsekani. Musadutse pakati pa munda wa udzu wosamweta, popeza udzu wopondedwa sumwetekanso bwino. Ng'ombe yokhala ndi mwana muilambalale patali. Ndi mudzi wa Akatolika, ndipo Lamulungu masitolo ambiri amakhala otseka, ndiye chakudya gulirani Loweruka. Ngati mukufuna kucheza ndi mlimi kapena a komiti ya msipu, lemberanitu ku ofesi ya mudzi musananyamuke kuno, mupangane tsiku ndi ola. Mukawapeza akuwunjika udzu kunja kukuoneka ngati kugwa mvula, musawaimitse ndi mafunso. Pemphani chokokolera udzu muwathandize, mafunso adzabwera ntchito ikatha.

Musananyamuke ku Lilongwe, lembani m'kabuku za kwanu: ng'ombe zimene zimadya m'dambo lanu n'zingati, eni ake ndi ati, ndipo aliyense wasunga mapesi, nsenjere ndi zotsalira za mtedza zokwanira ng'ombe zingati kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pamene ziweto zathu zimaonda. Ziwerengero zimenezi mukaziike patebulo pamaso pa a komiti ya ku Törbel, muwafunse kuti akanakhala iwo akanayambira pati. Onaninso nthawi ya basi yomaliza yotsika ku Stalden, chifukwa ikakusiyani, malo ogona m'mudzimo ndi ochepa ndipo amafunika kusungitsiratu.