Momwe mungasamalire mwana wobadwa ndi vuto la mtima pamene mukudikira opaleshoni

Tsiku lomwe adokotala a ku Kamuzu Central anajambula mtima wa mwana wanga ndi makina a echo, ine ndinangotolapo mawu awiri okha: bowo, ndi opaleshoni. Ndinafika kunyumba ku Area 25 pepala lili m'manja, koma bambo ake atandifunsa kuti ati chiyani, ndinangoyamba kulira. Papita miyezi isanu ndi itatu tsopano tikudikira, ndipo zomwe ndalemba panozi ndi zomwe ndimalakalaka wina akanandiuza sabata yoyamba ija.

Maopaleshoni ambiri a mtima wa ana amachitikira kunja, makamaka ku India, ndipo amene amapita pa thandizo la boma amadutsa pa mndandanda wa Unduna wa Zaumoyo, womwe ndi wautali. Tsiku simungasankhe nokha. Chomwe chili m'manja mwanu ndi kumufikitsa mwanayo pa tsikulo ali wonenepako, wopanda matenda ena, mapepala ake ali okonzeka.

1. Dziwani dzina la vuto lake

"Mtima wobowoka" ndi mawu athu akumudzi, koma mavutowa ndi osiyana. Pali VSD, bowo la pakati pa zipinda ziwiri za m'munsi mwa mtima. Pali ASD, bowo la zipinda za m'mwamba. Pali PDA, mtsempha womwe umayenera kutseka mwana akangobadwa koma sunatseke. Palinso Tetralogy of Fallot, yomwe imachepetsa magazi opita kumapapo. Pemphani adokotala akulembereni dzinalo m'buku la kuchipatala, ndipo mulijambule pa foni pamodzi ndi zotsatira za echo. Funsani ngati mwana wanu ali m'gulu la ana osowa mpweya m'magazi kapena ayi, chifukwa kasamalidwe kake kamasiyana.

Tsiku la kiliniki musalilumphe ngakhale mwana akuoneka bwino. Mabowo ena ang'onoang'ono amatseka okha, koma bowo lalikulu likakhalitsa limawononga mitsempha ya m'mapapo, mpaka opaleshoni kulephereka.

Apa ndinenepo za tsempho. Mwana wa vuto la mtima amaonda, amatsokomola, nthawi zina amatupa, ndiye akuluakulu amafulumira kunena kuti wasemphedwa. Apongozi anga, omwe amamukonda kwambiri mdzukulu wawo, anafuna kuti akatemeredwe mphini. Sindinakangane nawo. Ndinapita nawo ku kiliniki, anadzionera okha mtima ukugunda pa sikirini, namwino n'kuwafotokozera kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo mtima umapangika m'miyezi iwiri yoyambirira ya mimba. Palibe anamulodza, palibe analumpha mwambo. Kuchokera tsiku limenelo ndi iwo amene amandikumbutsa nthawi ya mankhwala.

2. Kudyetsa ndiyo ntchito yaikulu

Pamenepa ndi pomwe ndalirapo kwambiri. Kwa mwana wa mtima, kuyamwa n'chimodzimodzi munthu wamkulu kukwera phiri la Nkhoma. Amayamwa pang'ono, thukuta pamphumi, n'kusiya bere akupuma wefuwefu, kenako tulo. Mtima wake ndi mapapo zimadya mphamvu zambiri, pomwe iye akudya zochepa, ndiye mzere wa ku sikelo umangoyenda chopingasa.

Muyamwitseni pafupipafupi, maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe, osadikira kuti alire chifukwa kulira kumamumaliza mphamvu. Mumugwire atakhala chotsamira, mutu uli m'mwamba. Akatopa musamukakamize, finyirani mkaka m'kapu yoyera, mumumwetse pang'onopang'ono ndi kapuyo kapena supuni. Pemphani anamwino akuonetseni kafinyidwe kake. Asanakwane miyezi isanu ndi umodzi, bere lokha, pokhapokha adokotala atanena zina.

Akayamba phala, lisakhale lamadzimadzi. Mimba yake ndi yaing'ono, supuni iliyonse izikhala ndi kanthu. Likuni Phala kapena phala la mgaiwa muzithiramo nsinjiro, kasupuni ka mafuta ophikira, dzira, bonya wosinja kapena peyala lopotedwa. Mupatseni kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, pang'onopang'ono. Ngati sikelo sikukwera miyezi iwiri yotsatizana, kapena yatsika, uzani a kiliniki ya mtima ndipo funsani za a zakadyedwe. Iwo ndi amene amaona ngati akufunika chiponde. Koma dziwaninso kuti kulemera kwadzidzidzi kobwera ndi kutupa zikope kapena mimba si kunenepa ayi, ndi madzi.

3. Mankhwala

Ana ambiri amapatsidwa furosemide, amene tinazolowera kuti Lasix, wochotsa madzi m'thupi. Ena amawonjezeredwa spironolactone, captopril kapena digoxin, ndipo a Tetralogy kawirikawiri amamwa propranolol. Yezani ndi sirinji, osati supuni ya tiyi, ndipo ngati ndi piritsi loti muzigawa, wa ku famase akuonetseni pamaso panu. Mlingo umatsatira kulemera kwa mwana, choncho funsani pa ulendo uliwonse ngati wasintha. Mukaiwala kumumwetsa musaphatikize milingo iwiri. Pitani mukatenge ena kutatsala sabata kuti athe. Mankhwala azitsamba ndi a chifuwa ogula pa golosale, ayi.

4. Mutchinjirizeni ku matenda ena

Chimfine chomwe mwana wa anansi amachira nacho m'masiku atatu, wathu chimatha kumugoneka m'chipatala ndi chibayo. Katemera yense alandire pa nthawi yake. Azigona m'neti usiku uliwonse. Mbaula izikhala panja, ngakhale m'miyezi ya June ndi July pamene Lilongwe amazizira, ndipo wosuta fodya asamunyamule. Alendo asambe m'manja, amene akutsokomola amuonere patali. Ena amakhumudwa, koma ndimawauza mwaulemu kuti ndi lamulo la adokotala. M'minibasi yodzadza ndimayesetsa kukhala pa windo.

Mano musawanyozere. Tizilombo ta m'dzino lovunda titha kulowa m'magazi n'kukakhazikika mu mtima, ndipo madokotala amatha kuimitsa opaleshoni chifukwa cha dzino. Dzino loyamba likangotuluka yambani kumutsuka kawiri pa tsiku, maswiti ndi zakumwa zotsekemera muchepetse. Mukapita kwa dokotala wa mano, nenani kaye za mtima.

5. Zizindikiro zoti musadikire kuti kuche

Phunzirani kuwerenga kapumidwe kake ali chigonere, kwa mphindi imodzi yathunthu. Mwana wosakwana miyezi iwiri akafika ka 60 ndiye kuti akupuma mothamanga. Wa miyezi 2 mpaka 11 ndi ka 50. Wa chaka chimodzi mpaka zisanu ndi ka 40. Ana a mtima ena amapuma mofulumirirapo masiku onse, ndiye dziwani nambala ya mwana wanu ali bwino kuti muzizindikira ikakwera.

Nyamukani nthawi yomweyo ngati nthiti zikulowa m'kati popuma, akubuula, wakana bere kawiri kotsatizana, watentha thupi, watupa nkhope, wafooka kapena wakomoka. Pa khungu lathu lakuda kusowa mpweya sikuoneka msanga, choncho muziyang'ana lilime, nkhama ndi zikhadabo; zikada kapena kutuwa, musazengereze. Kutsegula m'mimba ndi kusanza n'koopsa kwa mwana amene akumwa Lasix kapenanso wa Tetralogy. Yambani Thanzi, pitirizani bere, koma mupite kuchipatala tsiku lomwelo akakuuzeni zochita ndi mankhwala ake.

Kwa ana a Tetralogy pali nthawi yomwe mwana amangoti akalira kapena akangodzuka, milomo bii, kupuma mozama, thupi lefu. Munyamuleni, mupinde miyendo yake mawondo agunde pachifuwa, mumutonthoze, ndipo muthamange naye ali chipindire. Wamkulupo mukamuona akunyonyomala pakati pa masewera, musamudzutse, thupi lake likudzithandiza lokha. Aliyense amene amatsala ndi mwana, kaya ndi agogo, mtsikana wantchito kapena aphunzitsi a ku mkaka, muwaonetse zimenezi ndi manja.

Mukafika pa chipatala chilichonse, kaya ku Bwaila, ku Kawale kapena ku Area 18, musakhale chete pa mzere. Uzani namwino kuti mwanayu ndi wa mtima ndipo akubanika. Ine ndimasunga ndalama ya thiransipoti ya usiku m'buku lake lomwelo, ndi nambala ya wa takisi mmodzi wodalirika.

6. Konzekerani ulendo musanaitanidwe

Foni yokuitanani ku opaleshoni ikadzalira sadzakupatsani miyezi yokonzekera. Yambani lero chiphaso cha kubadwa cha mwana ku NRB, kenako mapasipoti awiri ku Immigration, ya mwana ndi ya amene adzapite ngati gadiyani. Gwirizanani msanga pabanja kuti gadiyaniyo ndi ndani, ndipo ana otsala adzakhala ndi yani. Funsani adokotala ngati dzina la mwana linatumizidwa kale pa mndandanda uja, ngati pali pepala losowa, komanso kuti echo idzabwerezedwa liti. Siyani manambala awiri a foni, ndipo mukasintha nambala kauzeni a kiliniki sabata yomweyo.

Samalani ndi anthu a pa Facebook ndi WhatsApp olonjeza kufulumizitsa ulendo mukawapatsa kangachepe. Chilichonse chokhudza ulendowu chizidutsa kwa madokotala ake. Ngati mpingo kapena achibale akusonkha ndalama, zizilembedwa m'kope, ndipo mupemphe kalata ya chipatala yotsimikizira.

Mwanayo msiyeni azisewera. Ana ambiri a mtima amapuma okha akatopa, ndipo kumuberekera kumbuyo tsiku lonse kumangomuchedwetsa kukwawa ndi kuyenda. Adokotala akuuzani ngati pali zoletsedwa. Inunso mayi gonani pamene apongozi kapena bambo ake amutenga, ndipo usiku muzisinthana. Pa benchi ya kiliniki yankhulani ndi mayi amene mwakhala naye pafupi, mupatsane manambala. Amene anandiphunzitsa kuthira nsinjiro ndi mafuta m'phala ndi mayi wina wochokera ku Mitundu, yemwe mwana wake anachitidwa kale opaleshoni ndipo tsiku limenelo amathamangathamanga m'khonde, chipsera chili pachifuwa.