Momwe mungalondolere sitima pa ofesi ya kasitomu ku America m'zaka za m'ma 1790

Wofuna kumvetsa boma la America litangoyamba kumene ayambire padoko, chifukwa ndalama zambiri zoyendetsera bomalo zinkachokera ku msonkho wa katundu wolowa m'dziko. Lamulo la pa 31 July 1789 lidagawa gombe m'zigawo 59, chilichonse ndi wokhometsa msonkho wake wosankhidwa ndi pulezidenti. Njira yabwino yophunzirira ntchitoyi ndi kutenga sitima imodzi n'kuilondola m'mapepala kuchokera tsiku lomwe idakocheza mpaka tsiku lomwe ngongole ya msonkho idatha.

Yambani ndi ndandanda wa katundu. Malinga ndi lamulo la 1790, kaputeni ankayenera kudziwitsa ofesi pasanathe maola 24 kuti wafika, ndipo pasanathe maola 48 apereke ndandanda wolembedwa, atalumbira. Pamadoko akuluakulu panali akuluakulu atatu: wokhometsa msonkho, wina wotsimikiza mawerengero ndi kusainira nawo zilolezo, ndi wina woyang'anira alonda, oyeza kulemera ndi oyeza migolo. Pepala losowa siginecha ya wachiwiriyu padoko lalikulu likupatseni chikayiko.

Kenako werengerani msonkho wa sitimayo. Lamulo la pa 20 July 1789 lidaika masenti 6 pa tani kwa sitima ya Amereka, masenti 30 kwa yomangidwa ku America koma mwini wake ndi mlendo, ndi masenti 50 kwa yakunja. Sitima ya matani 200 ya ku Boston inkalipira madola 12, pomwe inzake ya ku Liverpool inkalipira madola 100. Pakatundu gwiritsani mitengo ya chaka chomwecho, chifukwa idakwezedwa kangapo. Mu 1789 vinyo wa Madeira anali masenti 18 pa galoni, shuga wofiirira senti imodzi pa paundi, ndipo katundu wambiri wosatchulidwa dzina anali 5 peresenti ya mtengo wake. Mu 1789 ndi 1790, katundu wobwera pa sitima ya Amereka ankachotseredwa 10 peresenti pa msonkhowo. Ambiri amaiwala kuchotsera kumeneku, n'kumaganiza kuti kalaliki adaba.

Kutsitsa katundu kunkafuna chilolezo ndipo kunkachitika masana okha. Wotsitsa usiku kapena popanda chilolezo ankalandidwa katunduyo, ndipo mtengo wake ukafika madola 400 sitima yomwe inkapita. Theka la zolandidwazo linkapita ku boma, theka lina n'kugawidwa pakati pa akuluakulu a padoko, woulula naye n'kupatsidwa gawo lake.

Tsopano chedwani pa makalata a ngongole, poti apa ndi pomwe pagona nkhani. Msonkho ukapitirira madola 50, wamalonda sankakakamizidwa kulipira pomwepo. Ankalemba kalata yolonjeza kulipira pakatha miyezi ingapo, yomumanga pa ndalama yowirikiza kawiri msonkhowo, ndipo pankafunika womuimira. Woona ngati womuimirayo ali ndi chuma chokwanira anali wokhometsa msonkho. Choncho munthu mmodzi ankatha kupatsa wamalonda mpata wogulitsa kaye katundu, kapena kumufinya kuti apeze ndalama lero lomwe. Lembani mayina a oimira anzawo pa makalata makumi angapo; mudzaona mabanja omwewo akuimirana mobwerezabwereza, ndipo maubale a ndale a m'tauniyo adzaonekera pamenepo.

Lamulo linkati amene ali ndi kalata yopitirira nthawi asapatsidwenso ngongole. Ku Providence, wokhometsa msonkho Jeremiah Olney adatsata zimenezi kwa Welcome Arnold, wamalonda wolemera, ndipo Arnold adamusumira. Mlanduwo udafika ku khoti lalikulu la dziko lonse la America mu 1796. Dziwani kuti wokhometsa msonkho ankasumiridwa iye mwini, m'makhoti momwe oweruza wamba anali anansi ake. Ndi chifukwa chake ambiri ankafewetsa dzanja, ndipo sibwino kuthamangira kunena kuti kufewa kulikonse kunali ziphuphu. Malipiro ake omwe ankadalira amalonda omwewo: madola awiri ndi theka polowetsa sitima ya matani 100 kapena kuposa, masenti 20 pa chilolezo chotsitsira katundu, masenti 40 pa kalata ya ngongole, kuphatikizapo kagawo ka zomwe watolera.

Mukatha mapepala a sitima, funsani yemwe adaika wokhometsa msonkho pampando. Pulezidenti George Washington adakonda asilikali a nkhondo ya ufulu: Benjamin Lincoln ku Boston, John Lamb ku New York, Otho Williams ku Baltimore. Zipani zitalimba, mpandowo udasanduka mphotho, pakuti wokhometsa msonkho ndiye ankalemba ntchito alonda, oyeza ndi opalasa maboti. Pulezidenti John Adams adachotsa Joseph Whipple ku Portsmouth mu 1798 pa zifukwa za ndale, ndipo pulezidenti wotsatira, Thomas Jefferson, adamubwezeretsa mu 1801. Chaka chomwecho Jefferson adachotsa Elizur Goodrich ku New Haven n'kuikapo Samuel Bishop, nkhalamba ya zaka zoposa 70, amalonda a mumzindawo n'kulemba kalata yodandaula. Mukaona kalembedwe ka m'mabuku kasintha mwadzidzidzi cha m'ma 1801, onani kaye ngati makalaliki adasinthidwa.

Zaka za 1807 mpaka 1809 muziwerenge pazokha. Lamulo la pa 22 December 1807 lidaletsa sitima za Amereka kupita kunja, ndipo okhometsa msonkho adasanduka alonda otsekera anansi awo padoko. Ku Charleston, wokhometsa msonkho Simeon Theus adakaniza kunyamuka sitima yopita kudoko lina la America potsata malangizo a unduna wa zachuma, koma woweruza William Johnson adalamula mu 1808 kuti aimasule. Olney adatula pansi udindo mu 1809. Pa sitima ya nthawi imeneyi, yerekezani kalata yonyamukira ndi umboni woti katundu adatsitsidwadi padoko lina la America, chifukwa makaputeni ambiri ankakathera kunja, ku zilumba za West Indies, n'kubwera ndi nkhani yoti adakankhidwa ndi namondwe.