Lekani kupikisana pa sikelo m'magulu anu ochepetsa thupi

Chiyambireni chaka chino ndalowetsedwa m'magulu angapo a pa WhatsApp ndi Facebook a anthu ofuna kuchepetsa thupi. Amandiikamo kuti ndizilangiza, ndipo ndimavomera ndi mtima wonse, chifukwa munthu akakhala ndi anzake pa nkhani imeneyi sagwa ulesi msanga. Koma zimene ndikuziona m'magulumo zandisowetsa mtendere. Kukangocha, zithunzi za masikelo zimayamba kutsatizana. Uyu watsika ndi makilo 3 m'masiku asanu, gulu lonse likumuombera m'manja. Uyo watsika ndi theka la kilo sabata yonse, palibe womuyankha, ndipo mawa lake akulemba kuti tsopano azingomwa madzi okha mpaka dzuwa litalowa. Pa awiriwa, amene anali pa njira yoyenera ndi wa theka la kilo uja. Gulu lamusocheretsa.

Nkhani yanga lero ndi imeneyi basi. Za ubwino woyenda ndi kuipa kwa shuga wambiri nonse mukuzidziwa, sinditayirapo nthawi.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga ma calorie (muyeso wa mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya) pafupifupi 7,700. Makilo 3 ndiye kuti ma calorie oposa 23,000. Munthu wamkulu amagwiritsa ntchito ma calorie apakati pa 2,000 ndi 2,500 pa tsiku. Ngakhale atakhala masiku asanu osalawa kanthu, sangafike pa 23,000. Nanga makilo 3 aja achoka kuti? Ambiri mwa iwo ndi madzi. Thupi limasunga shuga wapadera wotchedwa glycogen m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilo, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imagwira magalamu atatu a madzi. Mukadzimana chakudya, thupi limayamba ladya nkhokwe imeneyi, madzi aja n'kutuluka ngati mkodzo. Onjezanipo kuti m'matumbo mulibe kanthu. Sikelo imatsika ndithu, koma mafuta a pamimba akadali pomwepo. Tsiku limene mudzadye bwino, glycogen imabwerera ndi madzi ake onse, sikelo n'kukweranso ndi makilo awiri m'masiku ochepa. Apa ndi pamene munthu amalemba m'gulu kuti "ndalephera", kenako zii, osamvekanso.

Zikanathera pa madzi okha sindikanadandaula chonchi. Njala ikapitirira, thupi limayamba kugwiritsa ntchito minofu yake, makamaka ngati munthuyo sakudya zomanga thupi zokwanira komanso sakuchita masewera olimbitsa minofu. Minofu ndi imene imakunyamulani, ndi imene imatenga shuga wochuluka kumuchotsa m'magazi mukadya. Mukamadzanenepanso, chimene chimafulumira kubwerera ndi mafuta. Ndiye patapita miyezi isanu ndi umodzi munthu amapezeka ali pa makilo omwe aja anayambira, koma wofooka kuposa kale. Chaka chamawa ayambiranso, chaka chinacho chimodzimodzi. Ndikudziwa anthu amene azungulira chonchi kwa zaka zambiri, ndipo nthawi iliyonse amadziimba mlandu kuti alibe khama, pamene vuto ndi njira imene anasankha.

Zimenezi si zachilendo kwa akatswiri. M'zaka za 1944 ndi 1945, Ancel Keys wa pa University of Minnesota anachita kafukufuku pa amuna 36 athanzi amene anadzipereka okha. Kwa masabata 24 ankapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chimene matupi awo ankafuna, ndipo tikagawa mofanana, aliyense anatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake. Anthuwa anayamba kukwiya msanga, kumva kuzizira, kulota zakudya, ena mpaka kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe. Atawalola kudya mmene akufunira, ambiri ankadya osakhuta, ndipo mafuta m'matupi mwawo anafika popitirira mmene analili poyamba. Anali amuna odziletsa, olimba mtima, koma njala inawagonjetsa. Inuyo mukuganiza kuti mauthenga okulimbikitsani a pa foni adzaiposa mphamvu?

Chitsanzo china ndi cha posachedwapa, ndipo chikufanana kwambiri ndi zimene zikuchitika m'magulu athu. Ku America kunali mpikisano wa pa TV wotchedwa The Biggest Loser, wopambana anali amene watsika kwambiri pa sikelo. Kevin Hall ndi anzake a ku National Institutes of Health, bungwe la boma la America lofufuza za umoyo, anatsatira anthu 14 a mu mpikisanowo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Pa nthawi ya mpikisano, tikagawa mofanana, aliyense anatsika ndi makilo 58. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, makilo 41 anali atabwerera. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti matupi awo, munthu atangokhala osachita kanthu, ankagwiritsa ntchito ma calorie ochepa ndi pafupifupi 500 pa tsiku poyerekeza ndi mmene zimayenera kukhalira pa kukula kwa matupiwo. Thupi likaona njala limaphunzira kuumira, ndipo siliiwala msanga.

Palinso miyala ya m'ndulu, imene imakonda kupangika munthu akaonda mofulumira kwambiri. Palinso kuthothoka kwa tsitsi patapita miyezi iwiri kapena itatu, ndi kusokonekera kwa msambo kwa amayi. Zoterezi palibe amazijambula n'kuziika m'gulu.

Ndikumbukira bambo wina, mlimi wa zaka za m'ma 50, amene a dokotala anawauza kuti achepetse thupi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Mwana wawo ndi amene anawalowetsa m'gulu lina kuti azipeza chilimbikitso. Iwo ataona kuti anzawo, ambiri ogwira ntchito yokhala pampando tsiku lonse, akudumpha chakudya cham'mawa ndi chamasana, anatengera. Koma iwo m'mawa uliwonse anali kumunda, khasu m'manja, dzuwa lili pamutu, mankhwala awo a BP atamwa kale. Sabata yachiwiri isanathe anachita chizungulire n'kugwa pakati pa mizere. Mwayi wake panali anthu pafupi. Atachira anandiimbira foni.

"Alangizi, ine ndimangofuna kuti dzina langa nalonso lizioneka pamwamba Lachisanu," anatero.

Gulu lawo linkatulutsa mndandanda Lachisanu lililonse, wotsika kwambiri pamwamba, wotsika pang'ono pansi. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, ng'ombe yanu mungaimane msipu sabata yathunthu, kenako n'kuimanga goli kuti ikoke ngolo?" Anakhala chete kwa kanthawi, n'kunena kuti chimenecho sangachite ngakhale kwa ng'ombe ya mdani wawo. Ndiye anayamba kundifotokozera za mbewu, kuti ukaithira feteleza wambiri nthawi imodzi pofuna kuti ikule msanga imapsa, ndipo kuti mwana wawo atachita zimenezo chaka china anamukalipira tsiku lonse. Anali akudziwa zonse. Mndandanda wa Lachisanu uja ndi umene unawaiwalitsa. Pano amadya katatu pa tsiku monga kale, anangochepetsa muyeso wa pa mbale ndi kusiya zakumwa zotsekemera, ndipo lamba wawo anabowolanso kawiri.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti zizolowezi zakale zomwe zija tinkazitsutsa intaneti isanabwere, zangosamukira pa foni. Mpaka lero pali anthu akuzikulunga mimba ndi pulasitiki pothamanga, akuti mafuta asungunuke. Thukuta ndi madzi ndi mchere, mukamwa madzi zabwerera. Mpaka lero pali okhulupirira kuti masewera a pamimba amachotsa mafuta a pamimba pokha, pamene thupi limatenga mafuta paliponse pamene lafuna. Mpaka lero pali oti akadya mopitirira Lachitatu amati sabata yawonongeka, adzayambanso Lolemba, masiku anayi otsalawo n'kudya ngati akutsanzikana ndi chakudya. Takhala tikuzinena zimenezi kwa zaka zingati?

Ndiye pamene pali mpikisano, ogulitsa sachedwa. M'gulu lililonse limene ndalowamo mwapezeka wina wotsatsa tiyi kapena makapisozi "osungunula mafuta". Ambiri mwa matiyi amenewa muli senna, mankhwala otsegula m'mimba. Chimene chikutuluka ndi madzi ndi mchere wofunika m'thupi, monga potassium amene mtima umadalira pogunda. Zina mwa zinthu zoterezi zapezekapo zili ndi sibutramine wobisika, mankhwala oondetsa amene anachotsedwa pa msika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Munthu amene ali pansi pa mndandanda kwa masabata atatu otsatizana, manyazi atamugwira, ndi amene amagula. Woyang'anira gulu amene amalola malonda oterewa akuika miyoyo ya anzake pachiswe.

Musandimve molakwika ngati ndikuti tulukani m'magulu. Ayi. Mu 1999, akatswiri a kafukufuku Rena Wing ndi Robert Jeffery anayerekeza anthu olowa okha mu pulogalamu yochepetsa thupi ndi olowa pamodzi ndi anzawo n'kumathandizana. Mwa olowa okha, 24 pa 100 alionse ndi amene anakwanitsa kusanenepanso pofika mwezi wa 10. Mwa olowa ndi anzawo, anali 66 pa 100 alionse. Gulu lili ndi mphamvu, ndipo n'chifukwa chake zimandipweteka kuona mphamvuyo ikukankhira anthu ku njala. Chimene gulu limaombera m'manja ndi chimene anthu amachita. Mukamatamanda sikelo, anthu azidzimana chakudya. Mukamatamanda amene wayenda masiku asanu pa sabata, anthu aziyenda.

Komanso simukufunika kutsika ndi makilo 20 kuti thanzi lanu lisinthe. Kafukufuku wamkulu wa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anali ndi anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala matenda a shuga. Gawo lina linauzidwa kuti lichepetse kulemera ndi 7 peresenti yokha ndi kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, ambiri kungoyenda ndawala. Chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti, pamene kwa gawo lina limene linkamwa mankhwala a shuga otchedwa metformin chinatsika ndi 31 peresenti. Kwa munthu wa makilo 90, 7 peresenti ndi makilo 6 ndi pang'ono, ndipo anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti afikepo. Makilo 6 pa theka la chaka! M'magulu ena amene ndilimo, munthu wotere akanakhala pansi penipeni pa mndandanda sabata iliyonse.

Tsono chochita, mwachidule. Oyang'anira magulu, chotsani mndandanda wa makilo lero lomwe, ndipo letsani malonda onse a zoondetsa. M'malo mwake anthu azilemba zimene achita: mphindi zimene ayenda, masiku amene achita masewera a minofu, maola amene agona. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu azichita masewera opumitsa wefuwefu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndi olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Ngati mwakhala nthawi yaitali osachita kanthu, yambani ndi mphindi 10 kapena 15 pa tsiku, muziwonjezera pang'onopang'ono. Kutsika koyenera ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata, ndipo sabata zina sikelo siisuntha, zimenezo n'zachibadwa. Kwerani pa sikelo kamodzi pa sabata, m'mawa, musanadye, ndipo nambalayo ndi yanu, simukakamizidwa kuionetsa gulu. Tengani chingwe, chiyezeni ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati: chikakwanira kuzungulira m'mimba mwanu chapamwamba pang'ono pa mchombo, muli pabwino. Musadumphe chakudya pofuna kuthamangitsa sikelo. Chepetsani muyeso, chulukitsani zamasamba, pasamasowe chomanga thupi pa mbale, zakumwa za shuga zisiyeni. Gulu likakhala la anthu mazana, sankhanimo awiri kapena atatu amene angakuimbireni mukasowa masiku atatu.

Amene mumamwa mankhwala a shuga, makamaka obaya insulin, kapena a kuthamanga kwa magazi, kaonaneni kaye ndi a chipatala musanasinthe kadyedwe, chifukwa shuga kapena BP ikhoza kutsika moopsa ndipo muyeso wa mankhwala ungafunike kusintha. Amayi oyembekezera ndi ana asalowetsedwe m'magulu ochepetsa thupi popanda malangizo a chipatala. Mukaona mnzanu m'gulu akulemba zodzisanzitsa akadya, kapena akuchita mantha ndi chakudya chilichonse, mulembereni payekha ndipo mumuthandize kukafika kwa dokotala sabata yomweyo.