Kayezedwe ka makhololo pa makina a GeneXpert

Kuyambira mu 2010, pamene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza makina a GeneXpert opangidwa ndi kampani ya Cepheid, chipatala chingathe kudziwa pasanathe maola awiri ngati munthu ali ndi chifuwa chachikulu, komanso ngati tizilombo take tikukana mankhwala a rifampicin, omwe amachiza chifuwachi. Makinawa amafunafuna DNA ya tizilomboto, yomwe ndi chizindikiro cha chibadwa chawo, n'kuichulukitsa mpaka izindikirike, n'chifukwa chake amapeza matenda ngakhale pamene mayikulosikopu yalephera.

Ntchito yaikulu ili pa makhololo, ndipo apa ndi pamene ndikupempha azaumoyo kuti asamachite phuma. Wodwala apite panja kapena pamalo podutsa mphepo, kutali ndi anthu ena, achukuche mkamwa ndi madzi, apume mozama kangapo, kenako akhosomole kuchokera pansi pa chifuwa n'kulavulira m'kabotolo kolembedwa dzina lake. Mufotokozereni modekha kuti chofunika ndi makhololo osati malovu, pakuti malovu angachititse kuti munthu wodwaladi abwerere kwawo atauzidwa kuti alibe matenda, n'kumakapatsira a m'banja mwake.

Woyeza avale magolovesi, athire mankhwala osungunulira makhololo, miyezo iwiri ya mankhwala pa muyezo umodzi wa makhololo, atseke bwino kabotolo n'kukhutchumula mwamphamvu. Zikhale mphindi 10, akhutchumulenso, n'kudikira mphindi zina zisanu. Zikasungunuka kotheratu, atunge mamililita awiri ndi kuwathira m'katiriji (kabokosi kapulasitiki kolowetsa m'makina), yomwe imagwira ntchito kamodzi kokha, kenako aiike m'makina atalowetsa nambala ya wodwala pa kompyuta.

Zotsatira zikasonyeza kuti tizilombo tikukana rifampicin, dokotala adziwitsidwe tsiku lomwelo, chifukwa wodwalayo afunika mankhwala ena. Zikalemba kuti "Error" kapena "Invalid", kutanthauza kuti kuyeza sikunatheke, kuyeza kubwerezedwe ndi katiriji yatsopano.

Makinawa safuna fumbi kapena chipinda chotentha kupitirira madigiri 30, ndipo magetsi akazima kuyeza kuli mkati, katiriji imawonongeka, pamene mtengo wake, ngakhale utatsitsidwa mu 2023, unali pafupifupi madola asanu ndi atatu. Choncho musayambe ntchito popanda batire, sola kapena jenereta yodalirika. Kumene magetsi ndi ovuta kwambiri, ndi bwino kuganizira makina a Truenat a kampani ya Molbio ya ku India, omwe WHO inavomereza mu 2020, amene amayendera batire ndipo amapirira kutentha.