Kukonza chakudya cha m'firiza cha nsomba za m'thanki ya madzi amchere

Mwafunsa ngati mungangoponya kachibuma ka mysis kapena brine shrimp (tinkhanu ting'onoting'ono todyetsa nsomba) m'thanki kali kouma gwa. Ayi, musatero.

Dulani kochepa kaye. Kwa nsomba ziwiri zazing'ono ngati clownfish, theka la kachibuma ndi lokwanira. Zotsalazo bwezerani m'firiza msanga zisanafewe.

Ikani kachidutswako m'kapu, thiranimo madzi pang'ono otunga m'thanki momwemo, mudikire mphindi 5 mpaka 10. Madzi otentha ayi, amaphika tinkhanuto. Apampopi nawonso ayi, muli chlorine.

Kenaka sefani, ndipo apa ndi pomwe ambiri amachitapo ulesi. Madzi otuwa otsala m'kapu aja amakhala ndi phosphate, chakudya cha ndere zomwe zimakuta miyala mpaka kuphimba makorali (zamoyo za m'nyanja zooneka ngati zomera zomamatira pamiyala). Khuthulirani mu kasefa ka mabowo ang'onoang'ono, tsukuluzani ndi madzi a RO (osefedwa ndi makina a reverse osmosis), otuwawo tayani. Ena sasefa, amati makorali amadya timadzito. Nzoona ndithu, koma thanki ikakhala yaing'ono, ine ndimati sefani basi.

Ngati muli ndi mavitamini monga Selcon, donthezerani pang'ono, chakudyacho chimwerere kwa mphindi zingapo.

Zimitsani mapampu kuti chakudya chisakokedwere ku fyuluta. Perekani ndi pipette (kachubu kodonthezera) pang'onopang'ono, chongokwana kutha m'mphindi 2 kapena 3, ndipo nsomba zamanyazi zobisala m'miyala muzifikitsire pafupi. Mukatha yatsaninso mapampu, musaiwale. Chomwe chasungunuka kale musachibwezerenso m'firiza.